Che Ndege ndi Denga la Apongozi

Ku Lungwena mukafunsa kuti kwa Che Wadi n'kuti, anthu amayang'anizana, chifukwa a Wadi kumeneko alipo ambiri. Koma mukangoti mukufuna Che Ndege, ngakhale mayi wogulitsa zitumbuwa pamsewu adzakulozerani njira akumwetulira. Dzinali si laulemu. Eni ake alisenza zaka zoposa makumi atatu osaliyankha n'kamodzi komwe, ndipo wofuna kudziwa moyo wawo ayenera kuyamba wamva za tsiku limene analipata.

Che Wadi anabadwa m'chaka cha 1962, m'mudzi wina wa pakati pa nyanja ndi mapiri. Bambo awo anali mmisiri wofolera nyumba za udzu, munthu wosalankhulalankhula amene ankadziwa mphepo monga mmene munthu adziwira abale ake. Ankadziwa mpoto wa m'dzinja wochokera cha ku Makanjira, vuma wotsika m'mapiri a kummawa, ndi zambwe woolokera kuno kuchokera kutsidya. Koma mphepo imene ankaiopa inali imodzi yokha, mwera. Nanga ndani pa gombe lino saopa mwera? Umayamba mu Meyi, kuchokera kumene Shire amatulukira, n'kumakuntha mpaka Ogasiti osapuma. Umakhazika asodzi kumtunda masiku anayi akusoka maukonde, ndipo mabanja amene sanalirepo maliro obwera ndi mwera ndi owerengeka.

"Nyumba iziupatsa msana mwera," ankatero bambo aja. Mudzi wonse unkamanga choncho: kummwera khoma lopanda zenera, khomo ndi khonde kumpoto, kumene munthu angakhale mu Juni mchenga osamulowa m'maso.

Atakula, Che Wadi anapita ku boma la Mangochi kukaphunzira ukalipentala. Anabwerako ndi nyundo, sowo, ndi kayendedwe ka munthu amene wazolowera buledi wa m'tauni. Anakwatira Mwanabibi n'kupita kuchikamwini monga mwa mwambo. Chaka chotsatira, mu 1988, mlamu wawo Zubair anabwera kuchokera ku Joni ndi malata makumi awiri ndi anayi oti afolere nyumba ya mayi ake. M'mudzi monsemo munalibe nyumba ya malata. Ntchito inagwera mkamwini.

Che Wadi anaigwira ntchitoyo ngati munthu amene akufuna kuti anthu aone. Mbali ya kummwera anakhoma misomali iwiri pamene ena amakhoma umodzi. Atatha, anakweza miyala isanu ndi itatu, uliwonse wonga mutu wa ng'ombe, n'kuisanjika m'mphepete mwa denga mbali yomweyo. Mwera wa chaka chimenecho unabwera ndi ukali wake wonse, koma denga silinagwedere. Apongozi, amene mwa ulemu sankayang'anizana ndi mkamwini wawo, anatumiza nkhuku kudzera kwa Mwanabibi. Che Wadi anaidya yonse ndi mafupa omwe.

Ndiye linafika Lachisanu lina la mu Novembala. Kunatentha kuyambira mmawa, nyanja ili zii ngati mafuta m'mbale. Amuna anali atangotuluka mumzikiti pamene kamphepo kozizira kanawakhudza m'miyendo. Sikanachokere kummwera. Kanachokera pakati pa mpoto ndi mapiri. Asanavale n'komwe nsapato, fumbi linadzuka, mango aawisi anayamba kugwa ngati akugendedwa, ndipo wina anakuwa akuloza kumwamba.

Denga la apongozi linali m'malere. Linanyamuka lathunthu, malata ndi mapaso ndi mitanda yake yomwe, linapendekeka pang'ono pamwamba pa khola la mbuzi ngati likuganiza kolowera, kenako linauluka kudutsa nyumba ziwiri n'kukatera m'munda wa chinangwa. Miyala ija inagwa payokhapayokha, umodzi n'kuswa mtsuko wa madzi. Apongozi anali m'nyumba akusankha mpunga. Atakweza maso anaona mitambo.

Palibe amene anavulala, choncho anthu anali ndi ufulu woseka, ndipo anaseka. Isanathe sabata dzina linali litamera. Ana, amayi kuchitsime, asodzi kugombe, onse ankati Che Ndege. Apongozi nawo anatumiza mawu kudzera kwa mwana wawo: "Ukawauze amuna akowo kuti nyumba ino, kaya ndili moyo kaya nditafa, asadzaikhomenso lata." Udzu unabwerera padenga. Malata opindika aja anakhala mpanda wa bafa.

Munthu wina akanathawira ku Joni. Che Wadi anachita chinthu chimene ngakhale mkazi wawo sanachimvetse. Tsiku lotsatira anapita m'munda wa chinangwa uja, anayang'anitsitsa denga lakugwalo nthawi yaitali, kenako anawerenga mapazi kuchokera pamenepo kufika panyumba. Anapeza makumi asanu ndi limodzi. Kuyambira pamenepo, akangomva kuti kwinakwake mphepo yasasula denga, ankasiya chilichonse, kukwera njinga, n'kupita. Malindi, Chowe, Namwera, ngakhale kufupi ndi Makanjira anafikako. Akafika sankayamba ndi kupepesa. Ankazungulira nyumbayo, kuona mbali imene yayamba kuzuka, kufunsa nthawi imene mphepo inabwera, ndi kuwerenga mapazi mpaka pamene malata agwera.

Sitinganene kuti khalidweli linali labwino. Munthu amene katundu wake ali pamvula safuna mlendo wowerenga mapazi pabwalo pake nkhope ikuwala. Ndipo nkhope ya Che Wadi inkawaladi, sankatha kubisa. Bambo wina wa ku Chowe, dzina lake Hafiz, anawatulukira ndi mpini.

"Inu ndinu ndani? Mukuyeza chiyani pakhomo panga?"

"Asalaam aleikum, achimwene. Chitseko chinali chotsekula kapena chotseka?"

"Chitseko? Ine ndagona panja ndi ana, inu mukufunsa chitseko? Ndamva mbiri yanu. Ndinu aja mumatuma mphepo kuti mupeze ntchito!"

"Ndikanakhala ndi mphamvu imeneyo ndikanayamba ndi kubweza denga la apongozi anga. Chitseko, achimwene, ndiuzeni chitseko chokha."

"Chinali chotsekula! Chokani!"

Che Wadi anapalasa njinga kubwerera kwawo akuimba. Mphekesera yoti amatuma mphepo inawatsata zaka zingapo, ndipo ena ankawapatuka panjira. Iwo sanasamale, chifukwa zimene ankapeza zinkawakoma kuposa ulemu.

Choyamba anapeza kuti pa madenga onse amene anawayendera, amene anachotsedwa ndi mwera sankakwana zala za dzanja limodzi. Mwera ndi mphepo yoopsa panyanja, koma pamtunda umangokankha, ndipo umakankha mbali imene aliyense anaikonzekera. Madenga ankapita mu Novembala ndi Disembala, masana kutatentha, ndi mphepo yosatha mphindi khumi yothamangira kutsogolo kwa mvula, kuchokera kumpoto kapena kumapiri. Chachiwiri, misomali sinkalephera. Nthawi zambiri malata ankagwa ali chikhomere pa mapaso awo. Chimene chinkalekana chinali denga ndi khoma. Mphepo sinkakankha denga, inkalinyamula, monga imachitira ndi lichero la mayi wopeta mpunga ikalilowa kunsi.

Ndipo inkalowera kuti? Apa ndi pamene Che Wadi anadzimenya pachipumi ali pakati pa msewu. Inkalowera pakhonde! Pothawa mwera, mudzi wonse unatembenuzira makonde ndi makomo kumpoto. Nyumba iliyonse inali itayasamula kukamwa, kudikira mphepo yomwe imadya madenga.

Anathamanga kukauza Mwanabibi, mayi wa mwana wawo Naima, amene anamvetsera akukolezera moto.

"Ndiye kuti bambo anu ankalakwitsa?"

"Ayi, mayi a Naima. Udzu mphepo imadutsamo, umapuma. Lata silipuma. Ife tinasintha denga koma mantha tinasunga akale."

"Chabwino. Kauzeni amayi."

Sanapite. Ankadziwa yankho.

Pang'onopang'ono anayamba kukhoma mwa njira yawoyawo. Ankapempha omanga kuti asanamalize khoma alowetse waya wochindikala pansi pa mizere isanu ya njerwa, kuti adzamangirire mitanda. Ankatseka ndi dothi mpata wonse wa pakati pa khoma ndi malata, makamaka kumpoto ndi kummawa. Miyala padenga ankaikana. Eni nyumba ena ankatsutsa, ena ankavomera kuti angothana nawo. Zaka zinapita, madenga awo osauluka, ndipo ntchito inayamba kuwafuna yokha. Koma dzina silinasinthe, ndipo Zubair ankaonetsetsa kuti lisasinthe.

"Alamu, mwakhoma dziko lonse malata, koma mlongo wanga akutchera mabeseni m'nyumba. Kodi sing'anga sadzichiza yekha eti?"

Apongozi anamwalira mu 2009, nyumba ija n'kukhala ya Mwanabibi. Che Wadi anadikira kuti masiku a maliro athe, kenako anaiyamba nkhani ya malata mozungulira. Mwanabibi anaidula. "Munawamva amayi. Anati kaya nditafa." Chaka ndi chaka mayiyu ankakwera kumapiri kukamweta udzu, ndipo chaka ndi chaka mwamuna wake, mmisiri wa malata wodziwika kuyambira ku Malindi mpaka ku Makanjira, ankakwera padenga kufolera udzuwo anthu akudutsa n'kumamupatsa moni mokweza.

Chinthu chimodzi chinkawavutabe m'mutu. Ankadziwa zimene mphepo imachita, koma osati kumene imachokera, kapena chifukwa chimene imasinthira ndi miyezi. Yankho analipeza mu 2016, ataitanidwa kukakonza denga la kalasi pa sukulu ina ya pulayimale. Pakati pa mabuku onyowa amene anayanikidwa pabwalo panali mpira wopakidwa mitundumitundu, wobayidwa ndi chitsulo pakati.

"Aphunzitsi, mpira uwu ana amasewera bwanji uli pachitsulo?"

Mphunzitsiyo anali Mayi Lusiya, a ku Malindi, mayi wamfupi wamawu aakulu. Anaseka mpaka kugwira m'chiuno. "A Wadi, limeneli ndi dziko lonse lapansi. Bwerani. Ife tili apa."

Che Wadi anawerama. Nyanja imene inameza anthu ambiri chotero inali kamzere kochepa kuposa chikhadabo. Anakhumudwa.

"Nanga mwera uli pati?"

"Mwera si wa kuno, bambo, ndi mlendo." Mayi Lusiya anaika chala pa nyanja yaikulu ya kuseri kwa Mozambique. "Pamene dzuwa lili pamutu, nthaka imatentha, mpweya umakwera kumwamba, ndiye wina umathamangira kukatseka malowo. Mu Juni dzuwa limakhala uku, kumpoto kutali. Mpweya wozizira wa panyanja yaikulu iyi umanyamuka kulitsata. Umadutsa Mozambique, ukafika kuno umapeza nyanja yathu ili pakati pa mapiri, ndiye umalowamo ngati madzi mu ngalande. Ndi mwera wanu umenewo."

"Nanga ukaleka mu Seputembala umapita kuti?"

"Dzuwa limabwerera kwathu kuno. Ndiye mphepo za kumpoto zimalitsatanso, ina kuchokera kunyanja ya uku ku Tanzania, ina yonyowa kuchokera kunkhalango za ku Congo. Zimadzakumana ndi ya kummwera pamwamba pathu. Pokumanirapo mpweya umakwera, mitambo imakula, mvula n'kugwa. Mzere wa msonkhano umenewu umazungulira dziko lonse ngati lamba, ndipo umatsika n'kukwera chaka chilichonse."

Che Wadi anautenga mpirawo ndi manja awiri. "Kusi ndi kaskazi!" anakuwa, ana amene anali pafupi n'kudzidzimuka. "Agogo anga anakafika ku Lindi, ku gombe la Tanzania, wapansi ali mnyamata. Ankati kumeneko zombo za matanga zimadikira miyezi kuti mphepo itembenuke. Zimapita ndi kusi, zimabwera ndi kaskazi. Ife tinkayesa ndi mphepo za eni ake kumeneko. Kani ndi mwera ndi mpoto womwewu! Subhanallah! Mphepo imene imandithira mchenga m'maso ndi yomwe inkayendetsa zombo?"

"Ndi yomweyo, yangosintha dzina podutsa malire."

"Nanga iyi yasasula kalasi yanu?"

Mayi Lusiya anakanda m'mutu. "Imeneyo pa mpirawu sioneka. Koma ndinawerengapo kuti mtambo wa mabingu ukakhwima, mvula imaziziritsa mpweya wa m'kati mwake. Mpweyawo umalemera, umagwa pansi ngati madzi okhuthulidwa m'ndowa, n'kumwazikira kutsogolo."

"N'chifukwa chake imayamba n'kuzizira m'miyendo! Ndipo mitambo yathu imakhwimira paphiri, ndiye imatsetsereka nayo kubwera kunyanja!" Che Wadi anali atayimirira, akuyenda uku ndi uku. Tsiku limenelo sanakhome lata ndi limodzi lomwe. Anakhala pansi pa mtengo ndi Mayi Lusiya mpaka ana ataweruka, iwo akunena za mapazi amene anawerenga zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, aphunzitsi akulemba kuseri kwa kope. Atapemphedwa kuti adzafotokozere ana m'kalasi anakana. Anati munthu wotchedwa Ndege sangaphunzitse ana za madenga nyumba yake ili ya udzu.

Chimene chinatsekula njira si nzeru zawo ayi, koma moto. Mu Seputembala wa 2022 lupsa linapsereza mapiri onse a kummawa, udzu wofolera osatsala ngakhale mtolo. Denga lakale linali litawola, nyenyezi zikuoneka. Mwanabibi, amene tsopano maondo ankamuvuta, anakhala masiku atatu akuyang'ana dengalo. Tsiku lachinayi anaphika mpunga wa sadaka, anaitana ashehe kudzawapempherera malemu mayi ake, ndipo alendo atapita anaitana mwamuna wake.

"Bambo a Naima, khomani. Koma mumve. Likadzauluka lata ngakhale limodzi, nyundo yanuyo mudzaiponya m'nyanja ine ndikuona, ndipo simudzakweranso padenga la munthu. Sindingawanyoze amayi kawiri."

"Ndamva."

"Ndiponso ndikufuna khonde lalikulu, kumpoto, pamene lakhala nthawi zonse."

Che Wadi anagwira kukamwa. "Mayi a Naima, chilichonse koma chimenecho. Khonde lalikulu kumpoto ndiye kamwa lija ndakhala ndikunena!"

"Ndiye mu Juni ndizikhala kuti? Ndizisankha mpunga mumchenga? Amayi ankakhala pamenepo, inenso ndikhala pamenepo. Ngati simungathe, nenani, ndikagule pulasitiki."

Sabata yathunthu Che Wadi ankazungulira nyumbayo, pensulo ili kukhutu. Kenako anayamba. Anagumula mizere isanu ya njerwa pamwamba pa khoma, analowetsa waya, anamanganso. Denga analipatsa mbali zinayi zotsetsereka kuti mphepo isapeze khoma loti igwire, ndipo m'mphepete analidula lalifupi. Mipata yonse anaimata. Khonde analimanga lalikulu monga anafunira mayi, malata asanu ndi limodzi, koma analiimika pa nsanamira zakezake, pansi pang'ono pa denga lalikulu, osalilumikiza nalo ndi msomali ngakhale umodzi.

Zubair, amene tsopano anali ndi imvi koma pakamwa posakalamba, anabwera kudzayendera. "Alamu, mwaiwala kukhoma apa. Kapena maso ayamba?"

"Sindinaiwale. Mbuzi ikagwidwa ndi ng'ona sumangirira ng'ombe ku mwendo wake. Khondeli likafuna kupita lipite lokha."

"Ndiye mukuvomera kuti liuluka?"

"Mwina. Likauluka lidzagwera pa chulu icho, m'chinangwa. Musamamangeko mbuzi masana."

Zubair anaseka mpaka kutsokomola, ndipo pofika madzulo mudzi wonse unadziwa kuti Che Ndege amanga bwalo la ndege ndipo asankha kale potera. Mwanabibi anamva, koma sanabweze mawu ake. Lata ngakhale limodzi.

Okutobala anadutsa ndi kutentha kwake. Novembala analowa. Tsiku lililonse masana Che Wadi ankaima pabwalo kuyang'ana kumapiri. Kawiri mitambo inasonkhana n'kubalalika. Pa tsiku la 24, nthawi itangopitirira 3 koloko masana, iwo ndi Zubair anali pakhonde latsopanolo akusewera bawo. Nyanja inali zii. Pamwamba pa phiri, pakati pa mpoto ndi kummawa, mtambo unali utakula ngati chulu cha Mulungu, kunsi kwakuda, pamwamba poyera mophulika. Kenako Che Wadi anamva kuzizira m'akakolo.

"Yafika! Mayi a Naima, mazenera! Tsekani onse! Alamu, lowani!"

"Dikirani ndimalize kudya nkhomo zanu izi..."

Che Wadi anamugwira mlamu wawo pakhosi pa malaya n'kumukokera m'nyumba, bawo n'kugubuduzika. Anatseka chitseko, anachitsamira ndi msana. Kunja kunamveka mkokomo ngati malole khumi akutsika chitunda cha ku Chowe opanda mabuleki. Mango anayamba kugunda malata ngati zipolopolo. Fumbi linalowa pansi pa chitseko. Ndiye mphepo inaigwira nyumba.

Denga linabuula. Onse atatu anayang'ana kumwamba. Anaona ndi maso awo mitanda ikudzuka pang'ono, ngati chifuwa cha munthu wokoka mpweya, ndipo waya uja anakungika n'kuyamba kulira ngati nsambo ya bangwe. Dothi linayoyoka m'khoma. Mwanabibi ankatchula maina a Mulungu motsatizana. Zubair anali pansi pa tebulo.

"Gwira!" Che Wadi ankakuwa, akulankhula ndi waya. "Gwira, mwana wa mayi! Mizere isanu! Gwira!"

Kunja kunamveka kuthyoka, kenako kulira kwa malata ong'ambika kuchoka pamitengo, kenako kuwala kunalowa pa ming'alu ya chitseko pamene panali mthunzi. Patali wina anakuwa mawu amene mudziwo unawasunga zaka makumi atatu ndi zinayi: "Ndege! Ndege yanyamukanso!"

Mwanabibi anatseka maso. Atawatsekula anayembekeza kuona zimene mayi ake anaona. Anaona malata. Mitanda inali itakhalanso pansi pamalo pake. Mkokomo unkapita cha kunyanja, ndipo m'malo mwake munabwera phokoso lina limene nyumba imeneyo inali isanalimvepo, mvula yoyamba ikumenya denga la malata ngati ng'oma zana.

Mwa chizolowezi mayiyo anatenga beseni n'kukaliika pakona pamene pankadontha zaka zonse. Anaima akuliyang'ana. Beseni linakhala louma.

Che Wadi anali atatuluka kale. Anthu amene anathamangira kudzaona tsoka anapeza bambo wa zaka makumi asanu ndi limodzi akudumphadumpha pamvula, kofia ili m'manja, akuloza denga ndi kuseka ngati mwana. Kenako anaima pamene panali khonde, anawongola msana, n'kuyamba kuyenda molunjika m'chinangwa akuwerenga mokweza. Khamu linawatsata m'matope. Khonde linali gada, lathunthu, pafupi ndi chulu. Kunena zoona, sanalondole ndendende. Linaperewera mapazi asanu ndi awiri.

Chimwemwe chinawathera pobwerera. Malata asanu ndi limodzi anali atauluka, ndipo pangano linati ngakhale limodzi. Analowa m'nyumba madzi akuchucha, anatenga nyundo imene anabwera nayo kuchokera ku boma ali mnyamata, n'kuiika pansi patsogolo pa mkazi wawo. Anthu anadzaza pakhomo. Ngakhale Zubair anayankhula motsitsa mawu.

"Achemwali, m'mudzi muno madenga anayi apita lero. Ili lokha..."

"Achimwene, inu munali pansi pa tebulo. Khalani chete."

Mwanabibi anayang'ana nyundo, anayang'ana beseni louma lija, anayang'ana kumwamba nthawi yaitali. Kenako anawerama movutikira, anaitola nyundoyo, n'kuipereka kwa mwamuna wake ndi manja awiri.

"Khonde lija ndinaumirira ndine, inu munakana. Lauluka langa, lanu lilipo. Amayi akanakhala pano akanasankha mpunga wawo mpaka kumaliza." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Mawa mukalitole mulibwezere pomwepo. Likadzaulukanso mudzalitolanso."

"Pomwepo? Kumpoto?"

"Nanga mu Juni ndizikhala kuti?"

Anthu anaphulika kuseka, amayi ena n'kuyamba nthungululu. Mwanabibi anakweza dzanja. "Koma phokosoli, bambo a Naima! Munthu angamve mnzake m'nyumba muno?"

"Walira mvula walira matope," anatero Zubair akutuluka, ndipo mlongo wake anamuponyera chitsononkho.

Anthu atabalalika, mvula ikusiya, Mwanabibi ananena osayang'ana mwamuna wake: "Dzina lija ndinaliyamba ndine. Kuchitsime, tsiku lomwe lija. Ndinali ndi manyazi, ndiye ndinafuna ndiyambe ine kuseka asanandiseke."

"Ndinkadziwa," anatero Che Wadi. "Zubair alibe nzeru zopeka dzina lokhalitsa chonchi."

Mmawa mwake amuna anayi anathandiza kunyamula khonde kuchokera m'chinangwa. Lata limodzi lokha ndi limene linapindika. Eni madenga anayi aja anali atafika kale, atakhala pa njerwa kudikira kuti mmisiri atsike, ndipo mmodzi anali atabwera ndi waya wake. Che Wadi anali pamakwerero, misomali itatu ili pakamwa, pamene msodzi wina wodutsa ndi nkhafi paphewa anakuwa monga mwa masiku onse:

"Che Ndege! Mwadzuka bwanji kumwambako?"

Analavulira misomali m'dzanja.

"Ndadzuka, achimwene!" anayankha. "Kaya inu pansipo?"